Mwana salakwa mwachisawawa: mmene kuganiza kumakulira

Kaganizidwe ka mwana kali ndi malamulo akeake, ndipo malamulowo amasintha mwana akamakula. Mwana wa zaka 4 akaonerera thobwa likuyezedwa ndi chikho chimodzi, lina n'kuthiridwa m'botolo lalitali, lina m'mbale yotambalala, amaloza botolo kuti ndimo muli lambiri, ndipo akapatsidwa mbale amalira kuti amumana. Pofika zaka 8, mwana yemweyo amadabwa kuti munthu angafunse funso lotere. Palibe amene anamukhazika pansi kumuphunzitsa za mabotolo ndi mbale. Chasintha ndi mmene mutu wake umasanjira zimene maso akuona, ndipo kusintha kumeneku ndi kumene akatswiri a maganizo a ana akhala akufufuza kwa zaka zoposa 100.

Amene anayala maziko a phunziroli ndi Jean Piaget, yemwe anabadwira ku Neuchâtel m'dziko la Switzerland mu 1896 n'kumwalirira ku Geneva mu 1980. Poyamba anali katswiri wa zamoyo, wofufuza nkhono za m'madzi. Cha mu 1920 ali ku Paris, Théodore Simon, amene anapanga limodzi ndi Alfred Binet mayeso oyezera nzeru za ana a sukulu, anamupatsa ntchito yoyesa ana ndi kuwerengera amene akhoza. Piaget anakopeka ndi amene alakwa. Anaona kuti ana a msinkhu umodzi amalakwa mofanana, ndipo akafunsidwa chifukwa amapereka zifukwa zofanana, chonsecho sadziwana. Cholakwa chotere sichingakhale changozi. Chimasonyeza kuti mwanayo akutsata lamulo limene wamkulu analisiya kalekale n'kuliiwala.

Kuyambira mu 1921 Piaget anagwira ntchito ku Geneva. Ana ake atatu, obadwa mu 1925, 1927 ndi 1931, iye ndi mkazi wake anawayang'anitsitsa kuyambira ali makanda n'kumalemba zochita zawo, ndipo pambuyo pake iye ndi Bärbel Inhelder anayesa ana ambirimbiri a m'sukulu za mumzindawo. Mfundo yake yaikulu inali yakuti mwana amadzimangira yekha nzeru kudzera m'zochita zake. Chatsopano chilichonse amayamba wachilowetsa m'zimene akudziwa kale: amene wazolowera galu wa pakhomo amatcha mbuzi kuti galu. Mbuziyo ikalira mosiyana, ikayamba kudya udzu, akulu n'kumuseka, amakakamizika kukonza zimene ankadziwa, ndipo pamene panali gulu limodzi la nyama pamabadwa awiri. Kulowetsa ndi kukonza kumeneku kukapitirira, pamafika nthawi imene kaganizidwe konse kamasanjidwanso mwatsopano. Piaget anawerenga magawo anayi otere, ndipo anati mwana aliyense amawadutsa motsatana, osalumpha.

Nzeru za m'manja ndi m'kamwa

Gawo loyamba limayambira pa kubadwa kufika cha pa zaka 2. Khanda limabwera ndi zochepa: kuyamwa, kufumbata chala chimene chaikidwa m'dzanja lake, kutembenukira kumene kwamveka mawu. M'miyezi yoyambirira limabwereza zimene zachitika mwangozi pathupi pake, monga kupeza chala n'kuyamba kuchiyamwa. Cha pa miyezi 4 chidwi chimatulukira kunja. Likamenya mbale ndi supuni n'kumva kulira, limamenyanso. Kuyambira cha pa miyezi 8 limachita chinthu china pofuna kupeza china, monga kukankha dzanja la mayi kuti lifikire kapu, ndipo apa ndi pamene cholinga chimaonekera koyamba. Wa chaka ndi miyezi ingapo amene amaponya supuni pansi mobwerezabwereza, ulendo uno kumanja, wina kumanzere, wina ali chiimire, sakuchita mwano. Akufuna kuona ngati zotsatira zisintha.

Chachikulu m'gawoli ndi kuzindikira kuti chinthu chimakhalapobe ngakhale sichikuoneka. Khanda la miyezi 5 likamatambasulira dzanja makiyi, wina n'kuwaphimba ndi nsalu, dzanjalo limabwerera basi, nkhani yathera pomwepo. Cha pa miyezi 8 limavundukula nsaluyo. Koma pamatsala cholakwa china chodabwitsa. Makiyi akabisidwa kangapo pansi pa nsalu ya kumanja ilo n'kumawapeza, kenako n'kubisidwa pansi pa ya kumanzere likuona ndi maso, limabwerera kumanja komwe. Cholakwachi chimatha cha pa chaka chimodzi. Pofika chaka ndi theka kapena zaka 2 mwana amatha kufunafuna chinthu chimene sanaone pamene chaikidwa, kutsanzira lero zimene anaona dzulo, ndi kudzizindikira pagalasi.

Piaget ankayesa khanda poona manja ake: likafunafuna ndiye kuti likudziwa. Ofufuza a pambuyo pake anayamba kuona maso, popeza khanda limayang'anitsitsa nthawi yaitali chimene chalidabwitsa. Mu 1985 ndi 1987 Renée Baillargeon anaonetsa makanda thabwa limene limagwa chagada n'kudutsa pamene panali bokosi kuseri kwake, ngati kuti bokosilo palibe. Makanda a miyezi 5, ena osakwana miyezi 4, anayang'anitsitsa chosathekachi kuposa pamene thabwa linaima litagunda bokosi. Akatswiri amatsutsanabe kuti kuyang'anitsitsa kotere kumatanthauza kudziwa kochuluka bwanji, ndipo mkanganowo ndi woyenera, chifukwa khanda silingafunsidwe. Adele Diamond anaunikira mbali ina. Anasonyeza kuti kubwerera ku nsalu yakale kuja kumadalira nthawi yodikira: khanda likaloledwa kufunafuna pompopompo limakhoza, likachedwetsedwa masekondi ochepa limalakwa, ndipo masekondi amene lingapirire amawonjezeka mwezi ndi mwezi. Gawo lina la vutoli ndi kukumbukira, lina ndi kulephera kuletsa dzanja limene lazolowera.

Msinkhu wa masanje

Gawo lachiwiri, kuyambira zaka 2 mpaka cha pa 7, limayamba ndi luso loti chinthu china chiimire chinzake. Mawu amaimira zinthu. Chitsononkho cha chimanga chimaberekedwa kumbuyo n'kukhala mwana, dothi ndi madzi m'chitini zimakhala nsima, ndipo kumasanje wina amakhala bambo, wina fisi. Lusoli silifika lonse tsiku limodzi. Mu 1987 Judy DeLoache anaonetsa ana kachipinda kachidole kofanana ndendende ndi chipinda chenicheni, n'kubisa kagalu kachidole kuseri kwa kampando iwo akuona, n'kuwauza kuti galu wamkulu wabisidwa pamalo omwewo m'chipinda chachikulu. A zaka 3 ambiri anapita molunjika. A zaka ziwiri ndi theka ambiri anasochera, ngakhale atabwezedwa ku kachipindako ankakumbukira bwinobwino pamene kagalu kanabisidwa. Chowavuta chinali kuona kachipindako monga chidole komanso monga chithunzi cha chipinda china pa nthawi imodzi. Mapu, zilembo ndi manambala zonse zimadikira luso limeneli.

Mayeso otchuka kwambiri a msinkhu uwu ndi ofanana ndi a thobwa aja, ndipo Piaget ankawachita ndi madzi, mikanda ndi dongo. Mizere iwiri ya miyala, 6 uku 6 uku, mwana amavomera kuti ndi yofanana. Mzere umodzi ukatalikitsidwa iye akuona, amati wautaliwo uli ndi miyala yambiri. Mibulu iwiri ya dongo yofanana, umodzi ukafinyidwa kuti utalike, amati wachuluka. Zifukwa zake n'zolukanalukana. Mwanayo amagwira mbali imodzi yokha, kutalika kwa botolo, osaona kuti ndi lopyapyala. Amaweruza ndi mmene zinthu zikuonekera pamapeto, osatsata mmene zinasinthira. Ndipo chimene Piaget ankachiona chachikulu koposa, satha kubweza chochitikacho m'mutu mwake, kuti thobwa lija likabwezedwa m'chikho lidzafika pamzere womwe uja. Pakhomo zimenezi zimaoneka tsiku ndi tsiku. Mwana amene wakana mbatata imodzi amakhutira mbatata yomweyo ikadulidwa zidutswa zinayi, ndipo amasankha mapepala atatu a K100 n'kusiya limodzi la K1000.

Kusanja magulu nako kumakhala kosakhwima. Pabwalo pakhale nkhuku 5 ndi abakha 2, mwana afunsidwe ngati zambiri ndi nkhuku kapena ziweto: amayankha kuti nkhuku, chifukwa akachotsa nkhuku m'mutu mwake, m'gulu la ziweto mumatsala abakha okha. Amakhulupirira kuti mwezi ukumutsatira ndiponso kuti mtondo umene wamupunthwitsa ndi woipa, woyenera kumenyedwa. Akamalankhula ndi agogo pa foni amaloza chinthu n'kunena kuti "ichi", kapena kuvomera ndi mutu. Piaget ndi Inhelder anayesa zimenezi ndi timapiri titatu toumba: mwana akafunsidwa chimene chidole chokhala tsidya lina chikuona, ankasankha chithunzi cha zimene iye mwini akuona. Uku si kudzikonda kwa khalidwe. Ndi kusazindikira kuti maso a wina ali pamalo ena.

Apa ndi pamene Piaget anatsutsidwa kwambiri, ndipo zonena za otsutsawo n'zomveka. Ku Edinburgh mu 1974, James McGarrigle ndi Margaret Donaldson anabwereza mayeso a mizere ija, koma mzere sunatalikitsidwe ndi woyesa. Chidole "chosamva" chinathawa m'bokosi n'kuusokoneza ngati mwangozi. Ana ambiri a zaka 4 mpaka 6 amene analakwa pa mayeso akale anakhoza. Tanthauzo lake n'lakuti mwana amamvetsera munthu, osati mawu okha. Wamkulu akafunsa funso, n'kusuntha miyala mwadala, n'kufunsanso funso lomwelo, mwana amaganiza kuti payenera kukhala yankho latsopano. Martin Hughes naye anasintha timapiri tija n'kuika timakoma topingasana, kamnyamata kachidole ndi apolisi achidole, n'kuuza ana kuti abise kamnyamatako pamene apolisi sangakaone. Pafupifupi ana 9 mwa 10 alionse a zaka zitatu ndi theka mpaka 5 anakhoza, chifukwa kubisala amakudziwa. Mfundoyi ndi yolemera kwambiri m'madera amene mwana amaleredwa kuti asatsutse wamkulu. Kumeneko wamkulu akabwereza funso kawirikawiri amatanthauza kuti yankho loyamba silinamukomere, ndipo mwana waulemu amalisintha. Woyesa wosasamala angalembe ulemu kuti ndi umbuli.

Ngakhale zili choncho, pali kusintha kwina pa msinkhu uwu kumene kwapezeka mobwerezabwereza. Mu 1983 Heinz Wimmer ndi Josef Perner anaseweretsa zidole pamaso pa ana: mnyamata waika chokoleti m'kabati imodzi n'kutuluka, mayi ake n'kuchisamutsira m'kabati ina. Akabwera adzachifuna kuti? A zaka 3 ambiri amaloza pamene chokoleticho chili tsopano, ngati kuti zimene iwo akudziwa aliyense akuzidziwa. A zaka 4 mpaka 5 amaloza pamene mnyamatayo anachisiya, chifukwa azindikira kuti munthu angakhulupirire chinthu chimene si choona n'kuchitapo kanthu. Mu 1991 Jeremy Avis ndi Paul Harris anayesa zofanana pakati pa Abaka a m'nkhalango za ku Cameroon, ana osapita kusukulu, pogwiritsa ntchito chakudya chosamutsidwa mwini wake atachoka, ndipo anapeza kusintha komweko cha pa zaka 5. Kuyambira apa bodza la mwana limayamba kukhala laluso, chibisalirano chimakhala chenicheni, ndipo nthano za Kalulu zimayamba kumuseketsa pamalo oyenera, popeza kukoma kwake kuli pa kudziwa zimene Njovu kapena Mkango sakudziwa.

Pa zaka zomwezi mwana amaphunzira kudzigwira. Philip Zelazo anapatsa ana makadi oti asanje potsata mtundu, kenako n'kusintha lamulo kuti asanje potsata maonekedwe. Wa zaka 3 amatha kunena lamulo latsopanolo pakamwa, dzanja likupitiriza lakale. Wa zaka 5 amasintha. Makolo amene amati mwana "wamva koma sakumvera" nthawi zina akuona chimenechi.

Kuyambira zaka 7

M'gawo lachitatu, cha pa zaka 7 mpaka 11, mwana amatha kuchita zinthu m'mutu ndi kuzibweza. Akafunsidwa za thobwa lija amapereka chimodzi mwa zifukwa zitatu: palibe chimene chawonjezedwa kapena kuchotsedwa, mukalibwezera m'chikho lidzafanana, botolo ndi lalitali koma lopyapyala. Chofunika si kukhoza kokha koma kutsimikiza kwake, pakuti amaona kuti ziyenera kukhala choncho, sizingakhale mwina. Amatha kundandalika ndodo 10 kuyambira yaifupi kufika yaitali popanda kuyesayesa. Akaona kuti ndodo yoyamba ndi yaitali kuposa yachiwiri, yachiwiri kuposa yachitatu, amadziwa za yoyamba ndi yachitatu osaziika pamodzi. Amamvetsa kuti ngati 5 kuwonjezera 3 ndi 8, ndiye 8 kuchotsa 3 ndi 5, ndipo kuchotsera kumaleka kukhala nyimbo yoloweza. Masewera a malamulo monga bawo ndi phada amayamba kuseweredwa motsata malamulowo, mikangano yake n'kukhala ya malamulo. Zilape nazo zimayamba kukoma, chifukwa chilape chimafuna kugwira matanthauzo awiri nthawi imodzi.

Anthu anazindikira msinkhu umenewu kalekale asanamve za Piaget. Mu 1975 Barbara Rogoff ndi anzake anaunika zolembedwa za mitundu 50 ya anthu n'kupeza kuti m'madera ambiri ana amayamba kupatsidwa udindo weniweni, monga kuweta ziweto, kulera mng'ono ndi kutumidwa, pakati pa zaka 5 ndi 7. Sukulu za m'mayiko ambiri zimalandiranso ana pa msinkhu womwewo. Ku Malawi Sitandade 1 imayamba pa zaka 6.

Koma gawoli silifika lathunthu. Ana a ku Geneva ankamvetsa za kuchuluka kwa miyala cha pa zaka 6 kapena 7, za kuchuluka kwa dongo cha pa 7 kapena 8, za kulemera kwake cha pa 9 kapena 10, ndipo za malo amene dongolo limatenga m'madzi cha pa 11 kapena 12. Lamulo ndi limodzi, koma mwana amalitulukiranso pa chinthu chilichonse. Ndipo chimene watulukira msanga chimadalira zimene manja ake amagwira. Mu 1969 Douglass Price-Williams ndi anzake anapeza kuti ana a oumba mbiya ku Jalisco m'dziko la Mexico ankamvetsa za dongo msanga kuposa anzawo a m'mabanja a ntchito zina. Pierre Dasen anayerekeza ana a anthu osaka, Ainuit a ku Canada ndi Aaborijini a ku Australia, ndi ana a alimi a ku Côte d'Ivoire: oyambawo anatsogola pa za malo ndi mbali, enawo pa za miyeso ndi kuchuluka. Ku Senegal m'zaka za m'ma 1960, Patricia Greenfield anaona kuti ana a Chiwolof osapita kusukulu ankati madzi asintha chifukwa woyesayo ndiye wathira. Atapatsidwa mpata wothira okha, ambiri anati ndi ofanana. Kutsatana kwa magawo kunapezeka pafupifupi paliponse pamene panayesedwa, koma zaka zake zinkasuntha.

Kuganiza za zimene palibe

Gawo lachinayi limayamba cha pa zaka 11 kapena 12. Wachinyamata amatha kuganiza za zimene zingatheke, osati zimene zilipo zokha, ndi kuyesa maganizowo mwadongosolo. Inhelder ndi Piaget anafotokoza mayeso ake m'buku la mu 1955. Amodzi mwa iwo ndi a chitsulo cholendewera kuchingwe chimene chimapita uku ndi uku. Chimachititsa liwiro lake n'chiyani: kutalika kwa chingwe, kulemera kwa chitsulo, pamene chayambira, kapena mphamvu yochikankhira? Wa zaka 8 amasintha chingwe ndi chitsulo nthawi imodzi, n'kugamula molimba mtima kuchokera pa zosakanizazo. Wa zaka 14 amene wafika m'gawoli amasiya zonse mmene zilili n'kusintha chimodzi chokha, mpaka atapeza kuti ndi kutalika kwa chingwe. Luso lomweli ndi limene limamuchititsa kumvetsa masamu a zilembo, kutsutsa mfundo za makolo ndi za mpingo, ndi kufunsa chifukwa chimene dziko silikuyendera mwachilungamo. Mwano wina wa pa msinkhu uwu ndi kuganiza kumene kwangopeza mphamvu.

Pa magawo onse anayi, ili ndilo losadalirika kwambiri. Akuluakulu ambiri, ngakhale ophunzira a m'mayunivesite, amalephera mayeso a mtundu uwu nkhani yake ikakhala yachilendo, ndipo Piaget mwini anavomereza mu 1972 kuti munthu angaganize motere pa ntchito imene amaidziwa yokha. Makanika amene amafufuza chovuta cha injini posintha chinthu chimodzi chimodzi akuchita zimene wa chingwe uja anachita. Mu 1931 ndi 1932 Alexander Luria anafunsa alimi osaphunzira a ku Uzbekistan funso lotere: kumpoto kwenikweni kumene kuli chipale chofewa zimbalangondo zonse ndi zoyera; dera lakutilakuti lili kumeneko; zimbalangondo zake ndi zamtundu wanji? Ambiri anakana kuyankha, ponena kuti sanafikeko ndipo munthu salankhula za zimene sanaone. Luria anati alibe kaganizidwe ka mtundu umenewu. Koma kukanako kuli ndi mfundo yake, yakuti umboni uzichokera kwa amene anaona. Mu 1988 Maria Dias ndi Paul Harris anasonyeza kuti ngakhale ana a zaka 4 mpaka 6 amatha kutsata mfundo yabodza, monga yakuti amphaka onse amauwa, n'kugamula molondola, ikaperekedwa ngati nthano kapena sewero. Chimene sukulu imaphunzitsa kwambiri ndi chizolowezi chovomera mfundo kwa kanthawi n'kuona kumene ikupita.

Mwana saganiza yekha

Lev Vygotsky wa ku Russia anabadwa chaka chimodzi ndi Piaget, 1896, koma anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1934 ali ndi zaka 37. Iye anati kuganiza kumayamba pakati pa anthu awiri kenako n'kulowa m'mutu mwa mmodzi. Mwana wa zaka 4 amene akudzilankhulira pomanga kagalimoto, Piaget poyamba ankamuona ngati wosalabadira omvera. Vygotsky anati akudzilangiza ndi mawu amene akulu ankamulangiza nawo, ndipo mawuwo cha pa zaka 7 amalowa mkati n'kukhala maganizo a chamumtima. Anatinso mwana ayezedwe pawiri: chimene angachite yekha, ndi chimene angachite wina akamuthandiza pang'ono. Kuphunzira kumachitika pakati pa ziwirizi. Mtsikana amene akuphunzira kuphika nsima amayamba ndi kusonkhezera moto, kenako kuthira ufa mayi akuvundula, kenako kuvundula mayi atagwira poto, mpaka tsiku limene mayi sadzuka pamkeka. Wothandizayo sayenera kukhala mphunzitsi. Kawirikawiri amakhala mkulu wake wa mwanayo.

Kafukufuku wina wofunika pa nkhaniyi anachitikira pakati pa Achewa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Robert Serpell wa pa yunivesite ya Zambia anafunsa akuluakulu a m'midzi ya m'boma la Katete kuti pa ana amene amawadziwa angatume uti pa ntchito yofuna kuganiza, ndipo chifukwa chiyani. Mayankho anasonyeza kuti kwa iwo kuchenjera pakokha sikukwana. Mwana wanzeru ndi amenenso ali wotumikira ndi wokhulupirika, ndipo kuchenjera kopanda zimenezi kumakayikiridwa. Zimene akuluwo ankaona mwa ana sizinkagwirizana kwenikweni ndi zotsatira za mayeso. Mu 1979 Serpell anayerekezanso ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester pa kutsanzira zithunzi. Ndi pensulo ndi pepala a ku England anapambana. Ndi waya a ku Zambia, ozolowera kupanga magalimoto a mawaya, anapambana. Ndi dongo anafanana. Ku Recife m'dziko la Brazil, mu 1985, Terezinha Carraher ndi anzake anapeza kuti ana ogulitsa malonda mumsewu ankakhoza pafupifupi masamu 98 mwa 100 alionse pogulitsa, koma masamu omwewo atalembedwa ngati a m'kalasi anakhoza 37 okha. Mwana wogulitsa mandasi pa siteji ya minibasi amene amabweza chenji mosalakwa koma n'kulephera masamu a Sitandade 4 ali m'gulu lomweli, ndipo chimene akusowa si nzeru.

Chifukwa cha zonsezi, akatswiri ambiri lero saona magawo a Piaget ngati makwerero amene mwana amaponda limodzi n'kusiyiratu linzake. Robert Siegler anasonyeza kuti mwana mmodzi amagwiritsa ntchito njira zingapo pa sabata imodzi: lero kuwerenga zala zonse, mawa kuyambira pa nambala yaikulu, mkuja kukumbukira yankho, kenako kubwereranso ku zala. Njira zabwino zimachuluka pang'onopang'ono, zofooka n'kumachepa. Zimene Piaget anaona zidakalipo, ndipo aliyense angazione ndi chikho ndi botolo. Chimene chinagwa ndi chikhulupiriro chakuti zaka zokha ndizo zimanena chimene mwana angathe.

Pansi pa zonsezi pali ubongo umene ukukula. Pofika zaka 5 kapena 6 umakhala utafika pafupifupi magawo 9 mwa 10 a kukula kwake, koma mbali ya kuseri kwa chipumi, imene imagwira ntchito yokonzekera, yosunga zinthu zingapo m'mutu ndi yodziletsa, imakhwima mochedwa mpaka munthu atapitirira zaka 20. Ubongowu umafuna chakudya ndi thanzi. Kusowa kwa ayodini, kuchepa kwa magazi, malungo a muubongo ndi kunyentchera zonse zimabweza m'mbuyo kaganizidwe, ndipo kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ku Malawi anali opinimbira. Koma chakudya chokha sichikwanira. Ku Kingston m'dziko la Jamaica, mu 1986 ndi 1987, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anatenga ana opinimbira 129 a miyezi 9 mpaka 24. Ena ankayenderedwa sabata iliyonse kwa zaka 2 ndi alangizi a zaumoyo amene ankaphunzitsa amayi kusewera ndi kulankhula ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patatha zaka 20, amene anayenderedwawo ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo amene sanayenderedwe.

Popeza mayeso opangidwira ana a ku Ulaya amasocheretsa akagwiritsidwa ntchito kwina, madokotala ofufuza ku Malawi, motsogozedwa ndi Melissa Gladstone, anasindikiza mu 2010 ndondomeko yoyezera kakulidwe ka ana yotengera zinthu ndi zochita zimene mwana wa kumudzi amazidziwa. Imaona kayendedwe ka thupi, luso la zala, chilankhulo ndi kakhalidwe ndi anthu. Kusiyana kwa miyezi ingapo pakati pa ana a msinkhu umodzi n'kwachibadwa, ndipo sikufuna mankhwala kapena chikwapu. Koma mwana amene wafika chaka ndi theka asanatchule liwu ngakhale limodzi, amene satembenuka akaitanidwa, kapena amene wataya luso limene anali nalo atadwala malungo aakulu kapena kukomoka, ayenera kuonedwa ndi achipatala msanga, ndipo makolo angayambe ndi kuwauza azaumoyo pa tsiku la sikelo.